Mbiri ya Kupeza Njira pa Njinga Yamoto: Kuchokera pa Mpukutu wa Pepala Kufika pa GPS

Aliyense woyenda m'dera lachilendo amayenera kudziwa pomwe ali ndi komwe akhotere, koma woyendetsa njinga yamoto wakhala akupeza mayankho a mafunso awiriwa movutikira kuposa ena onse oyenda pamsewu, chifukwa ziwalo zake zonse zimakhala zili pa ntchito. Dzanja lamanja limawonjezera moto ndi kugwira buleki yakutsogolo, lamanzere limafinya kilatchi, phazi lamanzere limasintha magiya pomwe lamanja limaponda buleki yakumbuyo, ndipo maso sangachoke pamsewu kwa nthawi yotalikirapo popanda kuika moyo pachiswe. Woyendetsa galimoto amatha kukhala ndi mnzake pambali womuwerengera mapu, onse ali pamthunzi ndiponso osanyowa, pomwe wa njinga amakhala yekha pamtetete, mphepo ikumulanda pepala, mvula ikulinyowetsa, dzuwa likumuthobwa m'maso ndipo injini ikugwedeza chilichonse chomwe wamangirira pachiwongolero. Pa chifukwa ichi, mbiri ya zipangizo zolozera njira pa njinga yamoto ndi mbiri ya momwe anthu anaphunzirira kuchepetsa uthenga wa njira mpaka kufika pa mlingo woti munthu augwire ndi diso limodzi m'kuphethira, ndipo mfundo zomwe wogula chipangizo cha GPS amaziganizira lero zinakhazikika kalekale, masetilaiti asanayambe kuuluka.

Njinga zamoto zinayamba kupangidwa zambiri zogulitsa mu 1894, pomwe kampani ya Hildebrand & Wolfmüller ya mumzinda wa Munich ku Germany inatulutsa njinga yake, ndipo pa nthawiyo misewu yambiri ya ku Ulaya ndi ku America inalibe manambala, zikwangwani zinali patalipatali, moti wapaulendo ankadalira kufunsa eni dera. Makampani ogulitsa matayala ndi mafuta ndiwo anafulumira kuona kuti munthu wosaopa kusochera amayenda maulendo ambiri, ndipo woyenda maulendo ambiri amagulanso katundu wawo wambiri, n'chifukwa chake kampani ya Michelin ya ku France inatulutsa buku lotsogolera oyendetsa mu 1900 ndi mapu ake oyamba a misewu mu 1910. Dziko la Britain linapatsa misewu yake manambala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, ndipo United States inachita chimodzimodzi mu 1926. Zonsezi zinachepetsa kusochera, komabe mapu anali pepala lalikulu lopindapinda lofuna manja awiri ndi malo opanda mphepo, kotero wa njinga ankayenera kuima, kuvula magolovesi, kuloweza mayina a matauni atatu kapena anayi a kutsogolo, n'kuyenda mpaka pomwe mayinawo athera m'mutu.

Amisiri a zaka zimenezo anayesa kupanga makina oti azimuwerengera njira munthu akuyenda. Cha m'ma 1910 ku America kunatuluka Jones Live Map, chimbale cha pepala cholembedwa malangizo m'mphepete, chomwe chinkazungulira pang'onopang'ono potsatira kuzungulira kwa tayala la galimoto. Mu 1927 ku Britain kunagulitsidwa Plus Fours Routefinder, kabokosi kovala pamkono ngati wotchi, momwe munkalowetsedwa timipukutu ta mapu topukusa ndi zala, ndipo cha m'ma 1930 ku Italy kunapangidwa Iter Avto, yomwe inkayendetsa mpukutu wa mapu molingana ndi liwiro la galimoto. Zipangizo zonsezi zinali ndi chilema chimodzi, chakuti zinkadziwa njira koma sizinkadziwa pomwe munthu ali, ndiye woyendetsa akaphonya mphambano imodzi, mpukutu unkapitiriza kuonetsa msewu womwe iye wausiya kale. Chomwe chinakhalitsa pakati pa okwera njinga ndi chinthu chosavuta kuposa zonsezi, chikwama chomangirira pamwamba pa thanki ya petulo, chokhala ndi thumba la pulasitiki yoonekera mkati momwe amaikamo mapu opindidwa pa chigawo chofunikira kapena kapepala kolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Chikwamachi chinasonyeza pomwe maso a wokwera angafike popanda kutembenuza mutu, ndipo chikugulitsidwabe mpaka lero.

Kumene kunalibe misewu, vutoli linali la moyo ndi imfa. Theresa Wallach ndi Florence Blenkiron, amayi awiri a ku Britain, ananyamuka ku London pa 11 Disembala 1934 pa njinga ya Panther yokhala ndi kangolo kam'mbali ndi kena kokoka kumbuyo, anadutsa chipululu cha Sahara kudzera ku Tamanrasset ndi Agadez, n'kukafika ku Cape Town pa 29 Julayi 1935. Apaulendo a m'chipululu a nthawi imeneyo ankatsatira mikwasa ya malole omwe anadutsapo kale, milu ya miyala ndi migolo yomwe inkaikidwa ngati zizindikiro, ndipo mphepo ya mchenga ikafufuta mikwasayo ankatsala ndi dzuwa, nyenyezi ndi kampasi. Kampasi nayo sigwirizana ndi njinga yamoto, chifukwa singano yake, yomwe ndi maginito, imakokedwa ndi chitsulo cha injini ndi mphamvu ya magetsi a m'mawaya, moti wokwera wofuna kudziwa kumpoto kwenikweni ankayenera kutsika ndi kuyenda masitepe angapo kutalikirana ndi njinga yake asanaikhulupirire.

Njira yomwe inathetsa mbali yaikulu ya vutoli inachokera ku mipikisano. Ku Netherlands, mpikisano wa galimoto wa Tulpenrallye, womwe unayamba mu 1949, unatchukitsa kajambulidwe ka mphambano kosavuta kwambiri, komwe kadontho kamasonyeza komwe woyendetsa akuchokera, mizere imasonyeza misewu yokumana pamenepo, ndipo muvi umasonyeza msewu woti autsate. Zithunzi zoterezi zikasanjidwa motsatana, chilichonse chili ndi mtunda wake pambali, zimapanga chomwe ochita mipikisano amachitcha roadbook, kutanthauza buku la njira. M'galimoto bukuli limakhala m'manja mwa wowerenga njira, koma pa njinga masamba ake amalumikizidwa kukhala mpukutu umodzi wautali, womwe umalowetsedwa m'bokosi lokhala ndi galasi pamwamba pa chiwongolero, ndipo wokwera amaupititsa patsogolo kapena kuubweza, poyamba ndi kachitsulo kopukusa ndi dzanja, pambuyo pake ndi kabatani koyendetsa kamota komwe kamaikidwa pafupi ndi chala chachikulu cha dzanja lamanzere. Mzere uliwonse wa mpukutuwo umagawidwa patatu: kumanzere kumalembedwa mtunda kuchokera poyambira ndi mtunda kuchokera pa chizindikiro chapitacho, pakati pamakhala chithunzi cha mphambano, chitsime, phiri kapena khwawa, ndipo kumanja kumakhala machenjezo, momwe kuchuluka kwa zizindikiro za mfuwu, kuyambira chimodzi mpaka zitatu, kumasonyeza kukula kwa ngozi yomwe ili kutsogolo.

Mpikisano womwe unakulitsa luso limeneli ndi wa Paris-Dakar, ndipo chiyambi chake chomwe ndi nkhani ya kusochera. Mu 1977 Thierry Sabine, wa ku France, anasochera pa njinga yake m'chipululu cha m'malire a Niger ndi Libya pa mpikisano wochokera ku Abidjan kupita ku Nice, ndipo anapulumutsidwa ndi ndege yofufuza atatha masiku ali yekha. Chaka chotsatira anakonza mpikisano wake, womwe unanyamuka ku Paris pa 26 Disembala 1978 ndi galimoto ndi njinga zokwana 182, ndipo zomwe zinafika ku Dakar mu Januwale 1979, zitayenda makilomita pafupifupi 10,000 kudutsa Algeria, Niger, Mali, Upper Volta ndi Senegal, zinali 74 zokha, patsogolo pali Cyril Neveu pa njinga ya Yamaha XT500. M'mchenga wopanda mphambano, buku la njira linkapereka nambala ya madigiri a kampasi, pomwe 0 ndi kumpoto, 90 kum'mawa, 180 kummwera ndi 270 kumadzulo, ndipo wokwera ankayenera kusunga mbali imeneyo kwa makilomita ambiri, kwinaku akuyerekeza mtunda wolembedwa ndi mtunda womwe kachipangizo kowerenga kuzungulira kwa tayala lakutsogolo kakuonetsa. Popeza wokwera amakhotakhota pozemba milu ya mchenga, manambala awiriwa ankasiyana pakapita nthawi, ndipo wokwera waluso ankakonza kachipangizoko pa chizindikiro chilichonse chomwe wachizindikira, akuthamanga pa liwiro loposa makilomita 100 pa ola. Usiku uliwonse okwera ankatha maola akupaka mpukutu wa tsiku lotsatira ndi zolembera zamitundu yowala, kuti diso likagwera pamenepo ligwire chofunikira chokha. Kulakwa kunali kosavuta, monga zinaonekera mu Januwale 1982, pomwe Mark Thatcher, mwana wa nduna yaikulu ya Britain ya nthawiyo, anasowa kwa masiku 6 kummwera kwa Algeria pamodzi ndi anzake awiri a m'galimoto mpaka ndege ya asilikali a dzikolo inawapeza.

Pamene okwera ankalimbana ndi mipukutu m'chipululu, yankho la funso la pomwe munthu ali linali likumangidwa ndi asilikali a United States pa zolinga zawo za nkhondo. Mu 1957, dziko la Soviet Union litaulutsa Sputnik, akatswiri awiri a pa yunivesite ya Johns Hopkins, William Guier ndi George Weiffenbach, anapeza kuti angadziwe njira ya setilaitiyo pomvetsera momwe mafunde ake a wailesi ankasinthira ikamayandikira ndi ikamatalikira, monga momwe kulira kwa hutala kumasinthira galimoto ikamadutsa munthu woima m'mbali mwa msewu. Zitadziwika zimenezi, kunali kosavuta kutembenuza nzeruyo, kuti munthu wodziwa pomwe setilaiti ili adziwe pomwe iye ali, ndipo mu 1964 gulu la masetilaiti lotchedwa Transit linayamba kuthandiza sitima zankhondo zapamadzi. Ntchito ya Navstar GPS inavomerezedwa mu 1973 motsogozedwa ndi Bradford Parkinson, setilaiti yoyamba inaulutsidwa mu 1978, ndipo ndege ya Korean Air Lines itasochera n'kulowa mumlengalenga mwa Soviet Union, komwe inawomberedwa pa 1 Sepitembala 1983 n'kupha anthu 269, Pulezidenti Ronald Reagan analengeza kuti GPS idzaloledwa kwa anthu wamba ikadzatha kumangidwa. Masetilaiti anakwana 24 mu 1993, ndipo mu 1995 kunalengezedwa kuti ntchito yonse yatheka.

Kagwiridwe kake ka ntchito kayenera kumveka bwino, chifukwa kusakamvetsa kumasokoneza ogula ambiri. Masetilaiti a GPS amazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera pansi, kawiri pa tsiku, ndipo iliyonse imanyamula mawotchi a atomiki, omwe ndi olondola kwambiri, n'kumaulutsa mosalekeza uthenga wonena pomwe ili ndi nthawi yomwe uthengawo wanyamuka. Chipangizo cha pansi chimayeza nthawi yomwe uthenga watenga kuti ufike, ndipo popeza mafunde a wailesi amayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, nthawiyo imasanduka mtunda, moti chikamva masetilaiti osachepera anayi chimawerengera malo ake, kukwera kwake ndi kulakwa kwa wotchi yake yomwe. Chipangizocho chimangomvetsera, sichitumiza kanthu kumwamba, sichifuna netiweki ya foni kapena bandulo ya intaneti, ndipo chomwe chimapeza ndi manambala a malo basi. Misewu, mayina a midzi, milatho ndi malo omwetsera mafuta sizichokera ku setilaiti, zimachokera ku mapu omwe anthu anajambula n'kuikamo, ndipo kusiyana kumeneku ndiko kumalongosola chifukwa chake chipangizo chimodzimodzi chimatsogolera bwino ku Germany koma n'kusocheretsa munthu m'midzi ya mu Africa.

Zipangizo zoyamba za anthu wamba zinali zodula ndiponso zosathandiza kwenikweni pamsewu. Magellan NAV 1000, yomwe inatuluka mu 1989 pa mtengo wa madola pafupifupi 3,000, inkaonetsa manambala a malo opanda mapu, ndipo boma la United States linkasokoneza dala uthenga wopita kwa anthu wamba, mwa dongosolo lotchedwa Selective Availability, kotero kuti malo ankatha kulakwika ndi mamita okwana 100. Panyanja kapena m'chipululu kulakwa kotero kunalibe vuto, n'chifukwa chake GPS inalowa mu mpikisano wa Dakar mu 1992, chaka chomwe mpikisanowo unachoka ku Paris kukathera ku Cape Town, koma m'tauni mamita 100 ndi okwanira kuika munthu mumsewu wina. Kumayambiriro kwa Meyi 2000 Pulezidenti Bill Clinton analamula kuti kusokonezako kuthe, ndipo usiku umodzi wokha kulakwa kunatsika kufika pa mamita pafupifupi 10 kapena 20, zomwe zinatsegula msika wa zipangizo zouza woyendetsa pokhotera.

Chochititsa chidwi n'chakuti okonza mpikisano wa Dakar, ataona kuti GPS ikuchotsa luso lowerenga njira ndipo ikulimbikitsa okwera kuthamanga molunjika osasamala za nthaka, anaichepetsa mphamvu mwadala. Chipangizo chomwe opikisana amapatsidwa masiku ano chimakhala chotsekedwa, chimaonetsa madigiri ndi liwiro, ndipo muvi wolozera malo ofunika kudutsapo umaoneka pokhapokha wokwera akafika pafupi nawo potsatira buku la njira. Mpikisanowo unasamukira ku South America mu 2009 ndi ku Saudi Arabia mu 2020, ndipo mpukutu wa pepala wayamba kulowedwa m'malo ndi sikirini, koma zomwe zimaoneka pa sikiriniyo ndi zithunzi zomwe zija za kadontho, mizere ndi muvi. Chigamulo cha okonzawo chinali chanzeru, chifukwa chinavomereza kuti wokwera wopatsidwa mzere woti angoutsatira amasiya kuwerenga nthaka yomwe akuponda.

Pamsewu wamba, okwera njinga anayamba ndi kubwereka zipangizo za ena. Kampani ya Garmin, yomwe Gary Burrell ndi Min Kao anayambitsa ku Kansas mu 1989, inatulutsa StreetPilot ya m'galimoto mu 1998, ndipo okwera ankamangirira chipangizochi, kapena tizipangizo tam'manja ta okwera mapiri, pachiwongolero, n'kumazikutira ndi pulasitiki mvula ikayamba. Mavuto omwe anakumana nawo ndiwo anapereka mndandanda wa zofunika. Mabatire ankadumphadumpha m'malo mwake chifukwa cha kunjenjemera kwa injini ndipo chipangizo chinkazima, madzi ankalowa m'mabowo a mawaya, petulo wodontha pomwetsa ankawononga pulasitiki, sikirini inkachita mdima dzuwa likawomba, ndipo mawu olangiza njira sankamveka mkati mwa helemeti. Kampani ya TomTom ya ku Amsterdam inayankha ndi TomTom Rider mu 2005, ndipo Garmin inatsatira ndi zūmo 550 mu 2006, zipangizo zomwe zinapangidwira njinga yamoto kuchokera pachiyambi.

Pa zūmo 550 mabatani akuluakulu anaikidwa kumanzere, kuti dzanja lamanja lisachoke pa moto ndi buleki, ndipo sikirini yake, ya masentimita pafupifupi 9, inali ya mtundu womva kudinikiza, wosiyana ndi wa mafoni ambiri a lero womwe umamva magetsi a khungu la chala ndipo kawirikawiri sumvera golovesi koma umamvera madontho a mvula. Kusalowa madzi kunayesedwa pa muyezo wotchedwa IPX7, womwe umatanthauza kuti chipangizo chingathe kukhala m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30 osawonongeka. Magetsi ankachokera ku batire la njinga kudzera m'chogwirira chokhala ndi timapini, osati pa waya wolowetsa m'bowo, mawu ankatumizidwa ku tizokuzira mawu ta mu helemeti kudzera pa Bluetooth, ndipo popeza njinga zambiri zinalibe geji yodalirika ya mafuta, chipangizo chinkawerenga mtunda kuchokera pomwe wokwera anamwetsa n'kumuchenjeza thanki isanaume. Makampani onse awiri anawonjezeranso pambuyo pake mwayi wosankha misewu yokhotakhota m'malo mwa yachidule, poti wokwera wa ku Ulaya kapena ku America kawirikawiri amayendera kusangalala ndi msewu womwewo osati kufika msanga. Sikirini zakhala zikukula, mpaka masentimita pafupifupi 14 pa zūmo XT ya mu 2020, ndipo ngakhale kuwala kwake kuli phindu lenileni pa dzuwa la masana, kukula kwake kumabwera ndi chiyeso chodzaza sikirini ndi nyimbo, mauthenga a foni ndi zanyengo, zomwe zimasunga maso a wokwera pansi kwa nthawi yaitali. Pa liwiro la makilomita 90 pa ola njinga imayenda mamita 25 pa sekondi iliyonse, kotero masekondi awiri owerenga uthenga ndi mamita 50 oyenda mosaona.

Okwera a m'misewu yafumbi anatengera njira ina, ndipo iwo ndiwo anasunga kusiyana kofunika pakati pa zinthu ziwiri zomwe chipangizo chingaonetse. Choyamba ndi njira yowerengeredwa, yomwe makina amaikonza okha potsatira mapu omwe ali nawo, ndipo amaisintha wokwera akapatuka. Chachiwiri ndi mkwasa, mzere wa timadontho tosonyeza pomwe munthu wina anadutsadi, womwe susintha ndipo sudalira kuti mapu akudziwa msewuwo kapena ayi. Kuyambira mu 2002, pomwe kalembedwe ka mafayilo kotchedwa GPX kanatulutsidwa, okwera akhala akutumizirana mikwasa yotereyi posatengera kampani yomwe inapanga chipangizo, ndipo kwa woyenda kutali ndi tala, kutha kulandira ndi kuonetsa mkwasa bwinobwino n'kofunika kuposa mawu olangiza pokhotera.

Mikwasa yomweyi ndiyo inakonza mapu a madera omwe makampani akuluakulu anawanyalanyaza. Mapu oyamba a mu Africa omwe ankabwera m'zipangizo ankatengedwa ku mapu akale a boma, momwe munali misewu yomwe inamera tchire kalekale ndipo munalibe yomwe anthu ankadutsamo tsiku ndi tsiku. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 apaulendo a ku South Africa anayamba kusonkhanitsa mikwasa yawo pansi pa dzina la Tracks4Africa, n'kupanga mapu a misewu yokhayo yomwe anthu anayendamodi, kuphatikizapo ya ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo mapuwo amapereka nthawi yomwe ulendo umatenga, chinthu chomwe pa msewu wamchenga kapena wamatope chili ndi tanthauzo kuposa makilomita. Mu 2004 Steve Coast anayambitsa OpenStreetMap ku Britain, mapu a dziko lonse omwe aliyense angathe kuwonjezerapo ndi kukopera mwaulere. Komabe mapu aliwonse amaonetsa dziko monga linalili tsiku lomwe anajambulidwa, ndipo m'madera momwe mvula imasintha misewu chaka ndi chaka zimenezi si zazing'ono. Namondwe Freddy atakokolola milatho ndi misewu ku Mulanje, Phalombe ndi maboma ena a kummwera kwa Malawi mu Malichi 2023, manambala ochokera ku masetilaiti anali olondola monga kale, koma wodziwa powolokera anali munthu wa m'mudzi wapafupi.

Mpikisano waukulu pa msika wa zipangizo za njinga unachokera m'thumba la wokwera yemweyo. Google itayamba kupereka malangizo a pokhotera mwaulere pa mafoni a Android mu 2009, msika wa zipangizo za m'galimoto unagwa msanga, koma wa njinga unapirira, chifukwa foni yomangiriridwa pachiwongolero imakumana ndi mavuto akale aja. Imatentha pa dzuwa mpaka kuchepetsa kuwala kapena kuzima, bowo lake lotchajira silikondana ndi mvula ndi fumbi, ndipo mu Sepitembala 2021 kampani ya Apple inachenjeza poyera kuti kunjenjemera kwa injini za njinga zamphamvu kungawononge zipangizo zokhazikitsa chithunzi m'makamera a iPhone. Palinso nkhani ya ngozi, poti wokwera akagwa, foni ya pachiwongolero imasweka kapena kutayika pa nthawi yomwe akuifuna kuti aitane thandizo. Ena athetsa izi pogula zogwirira zokhala ndi mphira wochepetsa kunjenjemera, ena pogwiritsa ntchito foni yachiwiri yakale yokhala ndi mapu okoperedwa kale, ndipo kampani ya Beeline ya ku London inapanga kachipangizo kozungulira, kochepa ngati wotchi, komwe kamalumikizana ndi foni ili m'thumba n'kumangoonetsa muvi ndi mtunda wotsala kufika pokhotera.

Komabe okwera njinga zamoto ambiri padziko lapansi sali ku Ulaya kapena ku America, ndipo sayendera kusangalala. Ku India, Indonesia, Vietnam, Nigeria, Kenya ndi Uganda njinga yaing'ono ndi chida chopezera ndalama, ndipo kumeneko GPS inafika kudzera m'foni, osati m'chipangizo chapadera chomwe mtengo wake ndi madola mazana angapo. Kampani ya Gojek ya ku Indonesia, yomwe inayamba mu 2010 ngati malo olandira mafoni a ofuna kunyamulidwa, inatulutsa pulogalamu yake ya pafoni mu 2015, SafeBoda inachita zofananazo kwa a bodaboda a ku Kampala, ndipo Google inayambitsa njira zapadera za njinga zamoto pa mapu ake ku India mu Disembala 2017 ndi ku Kenya mu 2018, povomereza kuti njinga imadutsa m'tinjira momwe galimoto singalowe ndipo nthawi yake ya ulendo ndi ina. Kwa okwera amenewa phindu lalikulu la GPS silili pa kuwauza njira, yomwe amaidziwa kale, koma pa kuwakumanitsa ndi kasitomala ndi kuwerengera mtengo wa ulendo.

Ku Malawi, komwe kabaza wa njinga zamoto wachuluka kwambiri kuyambira m'zaka za m'ma 2010 chifukwa cha njinga zotsika mtengo zochokera ku China ndi ku India, kupeza njira kudakali ntchito ya pakamwa ndi ya m'mutu. M'madera monga Mtandire ndi Kauma ku Lilongwe, kapena Ndirande ndi Bangwe ku Blantyre, tinjira tambiri tilibe mayina ndipo nyumba zambiri zilibe manambala odziwika kwa onse, kotero kasitomala amalongosola malo potchula chigayo, mjigo, tchalitchi, mzikiti kapena golosale ya munthu wodziwika, ndipo wakabaza wa pa siteji ya m'deralo amamvetsa nthawi yomweyo. Pomwe GPS yalowa m'ntchitoyi ndi pa kutumizirana malo pa WhatsApp, makamaka pakati pa ogulitsa malonda ndi operekera katundu m'mizinda, ndipo ngakhale pamenepo wokwera akafika pafupi ndi kadontho ka pa mapu amaimba foni kufunsa geti lenileni. Mayina omwe anthu a m'maderawa amatchulira malo awo ndi ochepa omwe analowa m'mapu a m'mafoni, ndipo ntchito yowalowetsa ili m'manja mwa magulu a ophunzira ndi anthu odzipereka omwe amajambula misewu ndi nyumba pa OpenStreetMap.